Wodziwana Naye Si Bwenzi

Ndikali pantchito yauphunzitsi, mwana wina wa Folomu 3 anandifunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi akuti "acquaintance". Ndinayankha mofulumira kuti ndi bwenzi. Mphunzitsi mnzanga wa masamu, wochokera ku Calcutta, mzinda umene unayamba kutchedwa Kolkata mu 2001, atamva zimenezi anapukusa mutu.

Iye anandifotokozera kuti m'Chibengali, chiyankhulo cha anthu oposa mamiliyoni 200 a ku Bangladesh ndi ku West Bengal m'dziko la India, munthu wotere amatchedwa "porichito", ndiko kuti wodziwana naye. Palinso mawu akuti "mukhchena": "mukh" ndi nkhope, "chena" ndi kuzindikira. Ameneyu ndi munthu amene umangomudziwa nkhope; mumalonjerana pamsika koma khomo lake sulidziwa. Bwenzi lenileni ndiye "bondhu". Kusiyanaku kumamveka ngakhale poyankhulana. Wodziwana naye chabe amamuti "apni", monga ife tinenera "inu", pamene bwenzi la paubwana amaliti "tui", "iwe" wa anthu odyera mbale imodzi.

M'mawa mwake ndinakakonza cholakwa changa m'kalasi, komabe phunzirolo linangothera pabolodi. Linandilowa mumtima nditapuma pantchito.

Chaka chimenecho penshoni yanga inachedwa, ndipo mayi a kunyumba anagonekedwa m'chipatala. Anthu amene ankandivulira chipewa pamsewu sanaoneke n'komwe. Amene anafika ndi mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi tili ana. Anapalasa njinga mtunda wautali atanyamula thumba la ufa, nakhala nane pakhonde la chipatala masiku atatu.

Poyamba ndinawawidwa mtima ndi enawo. Koma nditasinkhasinkha ndinaona kuti sanandilakwire. Iwo sanalonjeze kanthu. Ndine amene ndinawapatsa dzina losawayenera, monga ndinachitira m'kalasi muja. Ndinakumbukiranso mwamanyazi anthu amene ankandiyesa bwenzi lawo, chikhalirecho ine ndinkangowadziwa nkhope, ndipo atagwa m'mavuto sindinapondeko phazi.

Inu ophunzira, masiku ano lamya zanu zili ndi mayina mazanamazana. Onsewo alemekezeni, pakuti moni sagula. Koma dzifunseni kuti ndi angati amene angakupalasireni njinga. Koposa apo, dzifunseni kuti inuyo mungapalasire yani, popeza akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire.