Nkhokwe ya kuseri kwa tchalitchi

Kuseri kwa tchalitchi cha kwathu, kunja pang'ono kwa Entre Lagos, kwamangidwa zimbudzi za njerwa zootcha, za malata, zitseko zake zokhoma ndi loko. Ndinaziyamikira monga wina aliyense. Kenako ndinafunsa mnyamata amene amasesa pabwalo ngati akudziwa kuti pamalo pomwepo panali nkhokwe ya mpingo. Anaseka, n'kundifunsa kuti kodi mpingo ungatani nayo nkhokwe.

Sindinamudabwe. Iye wabadwa njanji ikugwira ntchito, msika uli wodzaza. Ife amene tinakula m'zaka za nkhondo pakati pa nyanja za Chilwa ndi Chiuta tikudziwa kuti panali nthawi imene nkhokwe imeneyo inkaphunzitsa Chikhristu kuposa guwa.

Banja lathu linathawa mu 1986, pamene anthu ambiri a dera lino anakhamukira ku Malawi. Nayuchi ndi pafupi, munthu umangotsata njanji, koma usiku umenewo ine ndinali mwana ndipo ulendo sunkatha. Tinakakhala m'mudzi wina m'boma la Machinga. Amati othawa nkhondo a ku Mozambique amene Malawi inasunga anapitirira 1 miliyoni. Ine za chiwerengero ndinazimva nditakula. Chimene ndinaona ndi maso ndi mayi wina wa m'mudzimo, wosauka ngati ife tomwe, akubweretsera amayi anga mphika ndi mthiko, osafunsa dzina kapena mpingo wathu. Chakudya cha pakadi, ufa, nyemba, mafuta ndi mchere, chinabwera pambuyo pake. Mphika uja unafika tsiku loyamba.

Mtendere tinaumvera pa wailesi. Pa 4 Okutobala 1992, ku Roma, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasainirana pangano, amkhalapakati ake ali a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Mwezi womwewo boma linakhazikitsa lamulo lokhululukira onse amene anachita zoipa pa nkhondo. Kunalibe makhoti, kunalibe kufunsana pagulu kuti unapha ndani. Akuluakulu anatseka nkhani papepala, ntchito yokhalirana n'kutisiyira ife akumudzi, amene timatunga pachitsime chimodzi.

Tinabwerera mu 1993. Minda inali itasanduka tchire, njira zina tinkaziopa chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo tchalitchi chinali chitatsala zipupa zokha. Mabungwe anagawa makasu ndi mbewu, koma si onse amene analembedwa. Ena anafika mochedwa, ena anatuluka kutchire opanda kadi iliyonse. Wansembe ankabwera mwa apo ndi apo kuchokera ku Mecanhelas, choncho mpingo unali m'manja mwa akatekisiti ndi akuluampingo. Iwowa ndi amene anaganiza zomanga nkhokwe tchalitchi chisanafoleredwe n'komwe.

Inali nkhokwe wamba, yoluka ndi nsungwi, yokhazikidwa pamiyala, denga lake la udzu. Pa masika banja lililonse linkabweretsa chimene lakwanitsa: dengu la chimanga, mtanga wa mpunga wa kudambo, nandolo, ngakhale lichero limodzi la mapira. Mvula ikayandikira, amene alibe mbewu ankabwera ndi kathumba. Muyeso unali mbale ya chitsulo yoyera, yong'ambuka m'mphepete, ndipo ankaidzaza mpaka pamwamba, osaisalaza ndi dzanja. Ukakolola unkabweza mbale ziwiri. Ukapanda kukolola unkangobwera kudzanena. Akatekisiti ankalemba zonse m'kope la ana a sukulu. Anansi athu Achisilamu nawonso ankalembedwa m'kope lomwelo, pakuti akuluampingo ankati kupatsa n'kuika, ndipo sudziwa amene adzakutapire mawa.

Pakati pa obwera ndi kathumba panali mnyamata wina amene dzina lake sinditchula. Amatsanga, zigawenga za kutchire, anamugwira ali wamng'ono, poyamba kuti azisenza katundu, kenako anamupatsa mfuti. Ena ankati anamuona tsiku limene mudzi wa agogo anga unatenthedwa, tsiku lomwe malume anga anatengedwa osabweranso. Atatula zida mu 1994, abale ake anamusambitsa mankhwala kudambo monga mwa mwambo, zovala za kutchire n'kuziotcha. Koma kusambako sikunachotse maso a anthu pa iye. Lamlungu ankakhala pansi pa mtengo wa mango, kumamvera nyimbo panja.

Tsiku logawa mbewu chaka chimenecho anaima kumapeto kwa mzere. Itafika nthawi yake, pabwalo panangoti zii. Akatekisiti anagwira mbale, maso ali kwa agogo anga.

"Aphunzitsi, mukuyang'ana ine bwanji?" anatero agogo. "Chimangacho n'changa? Mpatseni mwanayo mbale yake, mvula sidikira milandu."

Pobwerera kunyumba amayi sanathe kupirira. "Amayi, achimwene mwawaiwala?"

"Sindinaiwale, mwananga. Koma ndikamumana uyu, wangayo adzuka?"

Nkhani ikanathera pamenepo bwenzi ili yokoma kuifotokoza pa ulaliki. Koma mnyamata uja mbewu sanabzale. Anakaigulitsa kumalire, ndalama n'kumwera kachasu, ndipo mudzi wonse unadziwa. Mvula ya chaka chimenecho inavuta, ndipo mu 1995 nyanja ya Chilwa inaphwa. Matemba ndi milamba zimene zinkatipulumutsa chimanga chikakanika zinasowa, mabwato anangokhala pamatope ouma. Pa masika mabanja ambiri anabwera manjamanja kudzanena kuti alephera. Akatekisiti anatifotokozera fanizo la wantchito amene mfumu inamukhululukira ngongole yaikulu, iye n'kukakanyanga mnzake pakhosi chifukwa cha kangongole kochepa. Atatha anatsegula kope lija pamaso pa onse, n'kudula mzere tsamba lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Amayi ena analulutira, ena analira.

Mvula itayandikiranso, m'nkhokwe munali mutatsala zapansi penipeni, ndipo mnyamata uja anabweranso ndi kathumba kake. Ulendo uno ngakhale amene anamumvera chisoni poyamba anakana. Anati amene analephera chifukwa cha dzuwa ndi wina, amene anamwera mbewu ndi wina, ndipo mbale yopatsa iyeyo ichotsedwa pakamwa pa mwana wamasiye. Sankanama. Mkangano unatenga masana onse pansi pa mango paja. Amene anaumaliza ndi mkulu wina wosadziwa kuwerenga, yemwe anakumbutsa anzake za mkuyu wa mu Luka 13, umene mwini munda anafuna kuudula chifukwa sunkabala. Mkuluyo anati wosamalira munda uja sanangopempha chaka china n'kukagona. Analonjeza kuukumbira ndi kuuthira ndowe. "Ife tinamupatsa mbale n'kumusiya yekha ndi zimene zili m'mutu mwake," anatero. "Tsopano mbewu musamupatse m'manja. Tikabzala naye."

Loweruka lotsatira amuna asanu ndi mmodzi anapita ndi makasu kumunda kwake, ife ana tikutsatira ndi mbewu m'zikho. Anagwira ntchito osacheza naye kwenikweni. Pa nthawi yopalira anapitanso. Mvula ya chaka chimenecho inagwa bwino, ndipo pa masika a 1996 iye anabwera ndi dengu pamutu, n'kulowa nalo m'tchalitchi mpaka kutsogolo. Palibe anaomba m'manja. Anthu anangosendera pabenchi.

Pambuyo pake tinamva kuti m'madera ena Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique anayamba mu 1995 kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Tinakondwa, koma sitinadabwe. Dziko lonse linali pa ntchito imodzimodziyo, aliyense ndi zipangizo zimene anali nazo.

Zaka zimenezo ndimazikonda, ndipo ndikudziwa kuti chikondi chimabisa zina. Tinkagona ndi njala. Kolera ankatenga ana. Makilomita 77 a njanji yopita ku Cuamba sitima inkawayenda ngati nkhalamba yodwala miyendo. Si onse anakhululuka, ndipo pali amayi amene anakalamba akupewa njira ina yopita kuchitsime chifukwa cha nyumba imodzi. Komabe sindinaonenso nthawi imene anthu anatenga chifundo cha Mulungu ngati chinthu choti uchisenze pamutu n'kukachitula pakhomo pa mnzako. Tonse tinali titangolandira kumene moyo wachiwiri, tonse tinali titadyapo mumphika wa eni, ndiye kumana wina kunkachititsa manyazi.

Nkhokwe sinagwe tsiku limodzi. Nankafumbwe anachuluka, akuba anayamba kuboola nkhokwe usiku, ndipo anthu anazolowera kusunga chimanga m'matumba kuchipinda, atathira mankhwala. Akuluampingo aja anatha mmodzimmodzi. Lero sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize zimadutsa pano kupita ku Nacala usana ndi usiku, chopereka ena amatumiza pa M-Pesa, ndipo pa tsiku losonkha ndalama zomangira mayina amawerengedwa pa chimkuzamawu, wapereka zambiri n'kuomberedwa m'manja. Wosowa mbewu amapita kwa akatapila, ndipo akalephera amamuchotsera njinga. Mnyamata akagwidwa ataba pamsika, chibakera chimafika msanga kuposa funso lakuti wadya liti.

Sindinganene kuti anthu auma mtima. Madzi a namondwe Freddy atadzaza madambo mu Malichi 2023, ndinaona amayi a mpingo akuphikira anthu osawadziwa, ndipo pamaliro mbale ya chipepeso imayendabe. Pa tsoka loonekera timathamanga ndithu. Chimene chachepa ndi kuleza mtima ndi munthu amene tsoka lake wadziputira yekha, amene tinamuthandiza kale iye n'kutichititsa manyazi. Woteroyo masiku ano timangomupempherera patali.

Mnyamata wa kathumba uja anamwalira zaka zingapo zapitazo, atakula, ali wokonza njinga pafupi ndi msika. Zidzukulu zake zimaimba kwaya imodzi ndi ana anga, ndipo mmodzi ndi mnzake wapamtima wa mwana wanga wamkazi. Za mudzi wotenthedwa uja anawa sadziwa kanthu. Tsiku lina mwana wanga anandifunsa kuti pa nkhondo agogo a mnzakeyo anali mbali iti. Ndinamuuza kuti anali mlimi wa mumpingo mwathu, ndiponso kuti masipoko a njinga ankawamanga bwino kuposa wina aliyense pa Entre Lagos. Zonsezo n'zoona. Zinazo agogo anga anaziweruza kale, ndipo ine ndilibe udindo wotsegulanso mlandu umene mwini maliro anautseka.