Za Njinga za Moto ndi Msewu wa ku Sally Gap

Abale ndi alongo a m'bungwe lathu la maliro,

Anyamata athu angapo a m'minda ya ndiwo ndi ya bowa agula njinga za moto. Ife sititsutsa, pakuti mabasi safika bwino ku mafamu, ndipo munthu wolawirira ku ntchito afuna chokwera. Koma tamva kuti Lamulungu akaweruka ku tchalitchi amaitanizana kukakwera mapiri a Wicklow, ndipo mawu okokerana nawo ndi akuti kumeneko n'kwaulere. Tifuna tinenepo pa mawu amenewa.

Kwaulere kuli kwaulere ndithu. Wicklow Mountains National Park, malo amene Boma la Ireland linapatula m'chaka cha 1991, alibe chipata ngakhale mlonda wolandira ndalama. Amalipiritsa poimika galimoto ku Glendalough, koma kulowa m'phirimo ayi. Ife a kumudzi chimatidabwitsa. Ku Nyika, kumene Boma lathu linapatula mu 1965, munthu aima pa chipata cha Thazima nalipira, mwini dziko zochepa, mlendo wakunja zambiri. Ena adandaula nazo ndalamazo. Koma taonani, pa chipata pamakhala munthu amene wakuona ukulowa, ndipo angathe kukuuza kuti mvula yaononga msewu kutsogoloko, bwerera. Ku mapiri a Wicklow kulibe wokubweza.

Wochoka kuno ku Lucan apita ku Rathfarnham nagwira msewu wa R115, umene eni ake autcha Military Road. Anaulambula asilikali a Britain kuyambira 1800 mpaka 1809, pofuna kusaka anthu amene anaukira Boma mu 1798 nabisala m'mapirimo. Unali msewu wa asilikali oyenda pansi ndi akavalo, ndipo kufikira lero ngwopapatiza. Wadutsa pa dambo, chotero phula lake likwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda. Pa mphambano ya Sally Gap munthu ali mamita ngati 500 pamwamba pa nyanja, popanda mtengo, popanda nyumba, popanda pogula petulo. Mtsinje wa Liffey, womwewu udutsa pano pa Lucan, uyambira pafupi pomwepo, kali kamfuleni chabe. Kuchokera apo msewu utsikira ku mathithi a Glenmacnass ndi kukafika ku Laragh. Pobwerera ife tikonda wa Wicklow Gap, R756, wotulukira ku Hollywood, ndiyeno N81 wodzera ku Blessington, chifukwa ngwotakasuka.

Mnyamata wina anatiyankha kuti iye anatsika pa Khwekhwerere ndi pa Chiweta atanyamula munthu ndi thumba la chimanga, nanga kaphiri aka n'kachiyani? Sitikana, makhotolo awadziwa. Chimene sanachione kwathu ndi madzi oundana pa phula, osaoneka ndi maso, amene agwetsa njinga usanagwire n'komwe buleki. Kuyambira Novembala mpaka Malichi kuno kunsi kutha kukhala dzuwa pamene ku Sally Gap kwagwa chipale. Onjezanipo nkhungu yobwera modzidzimutsa, ndi nkhosa zogona pakati pa msewu zosasamala hutala. Opulumutsa anthu m'mapirimo ndi odzipereka, salandira malipiro, ndipo awaitana pa 999 kapena 112, koma malo ena foni sigwira.

Amene mudzapitako m'chilimwe, muime pang'ono pa Glencree, m'mbali mwa msewu womwewo. Pali manda a Ajeremani 134 amene anafa pa nkhondo ziwiri zazikulu zija, nagona kuno kutali ndi kwawo. Malowo asamalidwa bwino. Komabe ife tonse tinalowa bungweli chifukwa tifuna kukagona pafupi ndi makolo athu, ndipo mudziwa chimene chifunika kuti zitero. Palibe ndege yochoka ku Dublin molunjika ku Lilongwe. Bokosi, makalata ndi ulendo zidya mayuro zikwi zingapo, ndipo maliro amodzi angakokolole zimene tasonkha miyezi yambiri. M'chikwama chomwecho ayembekezeramo agogo ndi odwala athu.

Lamulo la dziko lino nalo lili poyera. Wophunzira kuyendetsa njinga ya moto ayenera kuyamba wachita maphunziro otchedwa IBT, avale chovala chachikasu cholembedwa L, asanyamule munthu kumbuyo, ndipo asalowe mu msewu waukulu wonga M50. Inshuwalansi ndi chipewa cholimba ndi za aliyense. Tikuona ena akubwerekana njinga ngati khasu, osafunsa ngati inshuwalansi ilola.

Chotero pa msonkhano ukudzawu tidzapempha bungwe livomereze kuti membala aliyense wa njinga ya moto aonetse laisensi ndi inshuwalansi kwa mlembi, ndi kuti wopita ku mapiri aziuza mnzake msewu umene adzere ndi nthawi yobwerera. Ife akuluakulu tingakonde kuti maulendowa aziyamba Epulo. Anyamata a njinganu mubwere ndithu mudzayankhule nokha, tisakupangireni malamulo inu kulibe. Amene muli m'mbuyo pa zosonkha mutengeretu makhadi anu, msungichuma adzakhalapo.

Ndife anu pa ntchito,
Kapitao