Ku Copenhagen amabwereketsa anthu ngati mabuku

Alendo ambiri akafika ku Copenhagen, likulu la dziko la Denmark, amathamangira kukajambulitsa pa chiboliboli cha mtsikana wa mchira wa nsomba chomwe chili m'mbali mwa nyanja. Ine mphwanga yemwe akuphunzira kumeneko adanditengera ku Nørrebro, dera lomwe mumakhala anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana. Mukawoloka mlatho wa Dronning Louises Bro muchenjere ndi njinga, zimabwera ngati dzombe ndipo zili ndi msewu wakewake. Ku manda a Assistens, komwe kudagona mlembi Hans Christian Andersen, anthu amayala nsalu pa kapinga n'kumadya. Kwathu kuno adzukulu sangakulekerereni.

M'dera lomweli muli laibulale yomwe eni ake amaitcha Menneskebiblioteket, pa Chingerezi Human Library. Mabuku ake ndi anthu amoyo, odzipereka okha. Pakhomo mumapeza mndandanda wa mitu monga wosowa pokhala, wothawa kwawo, chidakwa, wa kachilombo ka HIV kapena wapolisi. Mukasankha mutu amakuitanirani munthuyo, n'kukhala naye pa mpando panja kwa mphindi pafupifupi 30. Mukhoza kufunsa chilichonse, koma bukulo lili ndi ufulu wokana kuyankha.

Nkhaniyi idayamba ndi mpeni. M'chaka cha 1993 mnyamata wina adabayidwa mumzindawu koma adapulumuka, ndipo anzake adayambitsa gulu lolimbana ndi nkhanza lotchedwa Stop Volden. Mu 2000, Ronni Abergel, m'bale wake Dany, Asma Mouna ndi Christoffer Erichsen adatsekula laibulale yoyamba pa chikondwerero cha nyimbo cha Roskilde. Idayenda masiku anayi, maola asanu ndi atatu patsiku, ndi mabuku oposa 50, ndipo owerenga adaposa 1,000. Lero ntchitoyi yafika m'maiko oposa 80.

Ine ndidabwereka amayi ena omwe amadwala nthenda ya mu ubongo yotchedwa bipolar. Ndidasankha mutuwu chifukwa kwathu matenda onse otere timangowaika m'thumba limodzi, kuti misala, kwinaku tikunong'onezana zoti wodwalayo adalodzedwa kapena adasuta chamba. Amayiwa adabwera atanyamula kapu ya khofi. Adandifotokozera m'Chingerezi kuti nthendayi ikakwera amatha masiku osagona, akudzimva kuti palibe chowakanika, n'kumwaza ndalama zonse. Ikatsika, ngakhale kudzuka kukasamba imakhala ntchito. Amamwa mankhwala tsiku lililonse, ali pantchito, ndipo adalera ana awiri.

Ndidawafunsa funso lomwe sindikadafunsa mnansi wanga: kodi anawo sankawaopa? Adakhala chete kanthawi. Kenaka adati wamkuluyo ankaopa ndithu, ndipo akadali wamng'ono adaphunzira kudziwa mmene amayi ake adzukira pongomva mapazi awo. Nditafunsa za banja lawo lomwe lidatha, adamwetulira n'kundiuza kuti tsamba limenelo silitsekulidwa lero. Kukanako kudandisangalatsa, chifukwa kudandionetsa kuti mwini nkhani ndi iwo. Ine ndidali wobwereka chabe.

Komabe zinthu ziwiri zidandivuta. Anthu omwe ndidawaona pamzere adali odekha kale, ofuna kumva. Munthu wodana ndi othawa kwawo sadzuka m'mawa kukabwereka wothawa kwawo. Bungweli limapitanso m'makampani ndi m'masukulu, ndipo ndikuona kuti kumeneko ndiye kuli ntchito yeniyeni, chifukwa kumapezeka ndi omwe sakadabwera mwa okha. Chachiwiri ndi katundu yemwe bukulo limasenza. Ife owerenga timachoka titapepukidwa, koma amayi aja amatsekula chilonda chomwecho kangapo patsiku kwa alendo omwe sadzawaonanso. Nditawafunsa ngati satopa, adati amatopa, koma kubisa kudawatopetsa kwambiri zaka zomwe ankanamiza a kuntchito kuti akudwala mutu.

Mphwanga uja adabwereka wapolisi. Iyeyo apolisi amawakayikira chifukwa cha zomwe anzake akuda amamuuza zoimitsidwa pamsewu. Ndidawaona patali akutsutsana, manja ali m'mwamba, mpaka woyang'anira adapita kukawauza kuti nthawi yatha. Pobwerera adandiuza kuti sadagwirizane pa zambiri, koma wapolisiyo adamvetsera mpaka pamapeto osamudula mawu, ndipo akufuna kudzamubwerekanso chifukwa mafunso ena adatsala.