Nyama Imene Sithawa

Akonzi a magazini yathu atapempha kuti aliyense alembe kanthu, ine ndinayamba ndaganiza zolemba za mpira monga achitira anyamata ambiri. Koma pali nkhani ina imene yakhala ikundisowetsa tulo chiyambire mwezi wa June, ndipo ndaona kuti nkwabwino ndiitule pano. Nkhaniyi ndi ya nyama ya kutali kwambiri, imene sindinaionepo ndi maso, ndipo kapena sindidzaiona mpaka kufa. Komabe nyama imeneyi yandichititsa manyazi koposa mmene mphunzitsi aliyense anandichititsirapo.

Ambiri a inu mumandidziwa ndi dzina lakuti Chiombankhanga. Dzinali ndinalipata mu January, titangobwera kuchokera ku tchuthi cha Khirisimasi, pamene ndinasimbira anzanga a m'nyumba yathu yogona kuti ndinagwetsa nkhanga ili kuuluka, ndi mwala umodzi wokha wa legeni. Anyamata anaomba m'manja, ndipo ana a Fomu 1 anayamba kundipatsa njira. Ine ndinakondwa nalo dzinalo, pakuti kwathu ndife mbumba ya alenje. Agogo anga amasimba za atate awo amene ankapha njati ndi mfuti ya gogodela, ndipo kuyambira ubwana wanga ndinkalakalaka kuti inenso ndidzatchuke ndi ulenje. Za nkhangayo ndibwererako. Poyamba imvani za nyama ija.

Tsiku lina m'mwezi wa June, chiperoni chili kuwaza, tinali kudandaula m'kalasi kuti bulangete limodzi silikwanira usiku. Aphunzitsi athu a Jogalafe anaseka nati, "Inu kuzizira simukudziwa. Pitani ku laibulale mukaone m'buku lalikulu la nyama chilombo chotchedwa muskox, ndipo mudzandiuze ngati mudakali kulira." Loweruka masana, anzanga ali ku bwalo la mpira, ine ndinapitadi. Pa chithunzi ndinaona chinthu chonga mulu wa udzu wofolerera nyumba, chokhala ndi nyanga zopindikira pansi ndi timiyendo tifupitifupi totuwa. Ndinaseka ndekha, koma nditayamba kuwerenga sindinadzuke kufikira belu la chakudya chamadzulo.

Nyamayi imakhala kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Canada, ku Greenland ndi ku Alaska, ndipo zina anthu anazitengera ku Norway ndi ku Siberia. Kumeneko kulibe mitengo italiitali. Nthaka ya pansi ndi youma gwa ndi chisanu chaka chonse, m'nyengo yozizira dzuwa silituluka kwa milungu yambiri, ndipo kuzizira kumafika madigiri 40 pansi pa ziro. Azungu anaitcha muskox, ndiko kuti ng'ombe ya fungo, chifukwa zamphongo zimanunkha kwambiri pa nyengo yokwerana. Koma akatswiri a zanyama atiuza kuti si ng'ombe konse. Abale ake enieni ndi mbuzi ndi nkhosa. Eni dzikolo, anthu a mtundu wa Inuit, amaitcha umingmak, kutanthauza kuti wandevu, ndipo ine ndiona kuti iwo ndiwo anaitcha bwino.

Nkhunzi yaikulu imalemera makilogalamu 300 kapena kuposerapo, ngati matumba 6 a chimanga, koma msinkhu wake umangolekeza m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Imavala malaya awiri. Kunja kuli ubweya wautali wakuda wolendewera kufika pafupi ndi pansi, umene umatchinga mphepo. M'kati muli ubweya wina wofewa wotchedwa qiviut, wofunda koposa wa nkhosa. Nyengo yofunda ikafika ubweya wam'katiwu umasosoka wokha nukodwa m'tizitsamba ndi m'miyala, ndipo amayi a ku Alaska amaluka nawo zipewa ndi masikafu za mtengo wapatali. Chakudya chake ndi udzu ndi timitengo tokwawa pansi. M'nyengo yozizira imafukula chipale chofewa ndi ziboda zake kuti ipeze udzu wouma, ndipo siyendayenda chabe, pakuti imasunga mphamvu monga mayi asungira ufa m'mwezi wa February. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 8, niswa mwana mmodzi pakati pa April ndi June, chisanu chisanathe, ndipo mwanayo tsiku lomwelo amayamba kutsata gulu. Cha mu August nkhunzi zimalimbirana zazikazi. Ziwiri zimabwerera chafutambuyo zikupukusa mitu, kenaka zimathamangirana ndi kugundana pamphumi, pamene nyanga zinakula mochindikala ngati chishango.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi mmene nyamazi zimadzitetezera. Mdani wake wamkulu ndi mmbulu wa kumeneko, umene ndi waukulu koposa agalu athu ndipo umasaka m'magulu. Mimbulu ikafika, nyamazi sizimwazikana monga zichitira mphoyo ndi agwape. Zimathamangira pamodzi, kawirikawiri pamalo okwera, nkuima mothithikana, nyanga kunja, ana ali kumbuyo. Mdani akakhala mbali imodzi zimaima mzere. Akazizungulira, nazo zimapanga linga lozungulira, ana ali pakati. Nthawi zina yaikulu imodzi imatuluka, nkugunda mmbulu, nkubwerera pamalo pake. Mmbulu umapeza mwana makamaka pamene gulu lachita mantha ndi kubalalika. Nditawerenga zimenezi ndinati mumtima, zoonadi mutu umodzi susenza denga, ndipo ngakhale nyama zikudziwa.

Tsono ndinatembenuza tsamba, ndipo chimwemwe changa chinatha. A Inuit akhala akusaka nyamazi kuyambira kalekale ndi mauta ndi mikondo. Koma m'zaka za m'ma 1800 kunafika anthu ena ndi mfuti: opha anangumi, amalonda a zikopa, ndi apaulendo ofufuza maiko, monga Robert Peary, amene ankadyetsa anthu ake ndi agalu ake nyama imeneyi. Njira yake inali yapafupi. Akamasula agalu, nyamazi zinkayesa kuti ndi mimbulu, ndipo zinkaima pa linga lawo lija. Munthu ankangoyandikira bwinobwino ndi kuombera imodziimodzi, zinzake zili chiimire pambali pa zakufazo, kufikira gulu lonse litatha. Ena ofuna ana amoyo kuti akawagulitse ku malo oonetserako nyama ku Ulaya ndi ku America ankayamba apha zazikulu, chifukwa panalibe njira ina yofikira mwana amene ali pakati pa nyanga. Nzeru imene inazipulumutsa kwa mimbulu zaka zosawerengeka ndiyo inazipereka kwa munthu wa mfuti.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku Alaska kunalibe ndi imodzi yomwe. Boma la Canada linaletsa kuzipha m'chaka cha 1917, ndipo mu 1927 linapatula dera la Thelon kuti likhale nkhalango yotetezedwa. Mu 1930 nyama 34 zinagwidwa kum'mawa kwa Greenland ndi kutengedwa ulendo wautali pa sitima yapamadzi ndi yapamtunda mpaka ku Fairbanks, ku Alaska. Mu 1935 ndi 1936 zokwana 31 zinasamutsidwira pa chilumba cha Nunivak, kumene zinaswana, ndipo zidzukulu zake zinagawidwa ku madera ena. Lero ku Alaska ziliko zikwi zingapo. Taonani ntchito yake: kupha kunatenga mfuti ndi agalu ochepa, koma kubwezera kunatenga maboma, masitima ndi zaka zambirimbiri.

Tsopano ndibwerere ku nkhanga yanga, ndipo anzanga a m'nyumba yogona mutchere khutu. Nkhanga ija sinali kuuluka. Ndinaipeza m'udzu kumalire a munda wa amayi, itakhalira mazira. Ndinaima pafupi nayo kotero kuti ndinaona diso lake likuphethira. Inandiona, koma sinadzuke, inangodziphwatika pansi. Legeni inali m'thumba, sindinaigwiritse ntchito nkomwe. Ndinaimenya ndi mpini wa khasu. Pansi pake panali mazira 13, ndipo 5 anasweka ndi mpini womwewo.

Ndinafika nayo kunyumba ndikuyenda monyada, nkuitula pamaso pa agogo anga. Iwo anaitembenuza, naona pamimba pake pothothoka nthenga, nafunsa kuti, "Iwe mdzukulu, nkhanga iyi waipeza pati?" Ndinayankha kuti, "Kumunda, agogo." Anati, "Inali pa mazira." Sanafunse, anangonena. Kenaka anati, "Njati imene ankapha atate inali ndi mpata. Mfuti yawo inkalira kamodzi; akaphonya, njati ndiyo inkasaka iwo. Nanga iyi unaipatsa mpata wanji?" Madzulo amenewo agogo anadya nsima ndi nkhwani, ndiwo yanga osaikhudza. Ine ndinakwiya, ndinati ukalamba wawavuta. Ndipo pobwera kuno kusukulu ndinaikonza nkhaniyo panjira, nkhanga ndinaiulutsa, mpini ndinausandutsa legeni, ndipo inu munandipatsa dzina.

Mawu a agogo sanandilowe mu December. Anadzandilowa mu June, m'laibulale, nditapenya chithunzi cha nyama zandevu zitaima phewa ndi phewa, kamwana kakusuzumira pakati pa miyendo yawo. Ndinazindikira kuti munthu uja wokhala pa mwala ndi mfuti yake, amene ndinali kumutukwana mumtima, anali ine ndemwe. Iye ndi ine tinapha nyama imene ikadatha kuthawa, koma inakana chifukwa cha ana ake.

Masiku ano nyamazi zimasakidwanso, koma ndi chilolezo, ndipo boma limawerenga kuti zophedwa zikhale zingati. Eni dziko amapha kuti adye. Kulinso alenje olemera ochokera kutali amene amalipira ndalama zambiri, nakwera ndege kupita ku Nunavut kapena ku Kangerlussuaq ku Greenland, kumene anthu akomweko amawatsogolera kufikira atapeza nkhunzi ya nyanga zazikulu. Mutu wake amakaupachika pakhoma kwawo. Mnzanga wina wa Fomu 4 ndinakangana naye za zimenezi usiku wina magetsi atazimitsidwa. Iye anati ndalamazo zimathandiza midzi ya kumeneko, kumene ntchito ndi zosowa, ndipo anati nyama imene ibweretsa ndalama anthu amaisamala. Ndinalephera kumutsutsa, ndipo mpaka lero ndiona kuti mfundo yake ili ndi mutu. M'Inuit amene dziko lake silimera chimanga kapena chinangwa sindingamuweruze, ine wodya nsima kawiri pa tsiku. Ngakhale mlendo wolemerayo amavutika ndithu ndi chisanu ndi ulendo.

Chimene ndikana ndi kudzitama. Kupha chifukwa cha njala ndi nkhani ina, ndipo kupha mwa muyeso kuti mtundu wa nyama usathe ndi nzeru. Koma munthu asaime pambali pa nyama imene inamudikira chiimire, nati, "Onani kulimba mtima kwanga." Pamenepo wolimba mtima ndi uyo wagona pansiyo. Ndikunena izi popanda kuloza chala munthu wa ku America kapena wa ku Ulaya, pakuti ine ndinachita zomwezo ndi mpini wa khasu, ndipo ndinaonjezapo bodza.

Mazira 8 otsala aja amayi anawaika pansi pa nkhuku ya thadzi, ndipo 4 anaswa. Pa tchuthi cha Pasaka ndinapeza tinkhanga tija titakula, tikutsata nkhuku ija pabwalo, ngakhale kuti kulira kwake nkosiyana. Agogo ndiwo amatiwazira mapira m'mawa uliwonse. Sanatchulenso za December, ndipo inenso sindinayambe. Tikatsekera sukulu mwezi uno ndikufuna ndikakhale nawo pakhonde, ndikawasimbire za nyama yandevu ya ku dziko lopanda mitengo, ndipo pomaliza ndikapepese. Ndikudziwa kuti adzafunsa ngati nyama yake imakoma, chifukwa mlenje ndi mlenje.

Kwa inu anzanga ndili ndi pempho limodzi. Dzina lija la Chiombankhanga mulibweze kwa mwini wake, mbalame ya m'mwamba imene imagwira nkhanga poyera. Ine munditchule dzina limene anandipatsa amayi. Ndipo ana a Fomu 1 asavutike kundipatsa njira.

Mnyamata wa Fomu 3