Ku America fizi ya sukulu yaulere ndi nyumba

Inu amene mumati ku America kumayenda mkaka ndi uchi, tandimverani kaye.

Ndinafika mumzinda wa San Antonio, ku Texas, ndi mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tsiku lokamulembetsa sukulu ndinanyamula malipoti ake onse a kumudzi, poganiza kuti afuna kuona ngati amakhoza. Ayi ndithu. Mayi wa muofesi anangofuna pepala la lendi ndi bilu ya magetsi. Ataona dzina la msewu wathu anati sukulu yanu ndi yakuti, basi. Kuno mwana amapita kusukulu ya dera limene makolo ake amagona.

Poyamba sindinaone vuto. Paja ine ndinaphunzitsapo pulaimale kumudzi mu 1994, chaka chomwe fizi inatha ana n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo. Ndiye sukulu yokhala ndi denga, madesiki ndi magetsi ndikanadandaulanso chiyani?

Maso ananditseguka tsiku lomwe ndinaperekeza alamu anga kukatenga ana awo kutsidya lina la mzinda. Laibulale yake, abale! Makompyuta ali mbwee, aphunzitsi okhazikika odziwa mwana aliyense ndi dzina. Chonsecho wangayo anali atasinthiridwa aphunzitsi katatu chaka chisanathe. Ndinafunsa kuti fizi yake ndi zingati. Alamu anaseka. "Ndi ya boma iyi, mlamu, ngati yanu yomwe ija. Fizi yake ndi nyumba yomwe tikukhalayi."

Nkhani yake ili motere. Sukulu za boma kuno zinagawidwa m'madera, ndipo dera lililonse limatolera msonkho wa nyumba ndi malo, wonga uja khonsolo imatolera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kusiyana kwake n'koti kuno msonkhowu ndiwo umalipira aphunzitsi ndi kumanga makalasi a m'dera lomwelo. Boma la Texas limathirapo zake, la ku Washington limaponyapo kangachepe. Kumene nyumba zili zodula msonkho umatuluka wambiri, kumene zili zotchipa umatuluka wochepa. Ife a lendi tisanamizane kuti sitilipira, eni nyumba amaubisa mu lendi momwemo.

Chinandiwawa kwambiri n'choti mlandu waukulu wa nkhaniyi unayambira mumzinda uno. Mu 1968 bambo wina mmisiri wa malata, a Demetrio Rodriguez, pamodzi ndi makolo anzawo a dera la Edgewood, komwe ambiri ndi ochokera ku mtundu wa ku Mexico, anakasuma kukhoti. Tamvani masamu ake. Anthu a ku Edgewood ankalipira $1.05 pa $100 iliyonse ya mtengo wa nyumba zawo, koma mwana mmodzi ankangopezapo $26 pachaka. A ku Alamo Heights, kwa ochita bwino, ankalipira masenti 85 okha, mwana n'kupezapo $333. Zoona osauka kudzifinya kuposa olemera n'kukolola zochepa chonchi? Ngakhale ataonjezera za boma, wa ku Edgewood ankathera pa $356, mnzakeyo $594.

Mu 1973 khoti lalikulu la dziko lonse linati palibe cholakwika, majaji asanu kugonjetsa anayi. Akuti malamulo aakulu a dzikolo satchula maphunziro ngati ufulu wachibadwidwe. Makolowo sanagwe ulesi. Mu 1989 khoti lalikulu la Texas linawagwirizana nawo, ndipo mu 1993 panabwera lamulo lomwe anthu analipatsa dzina loti Robin Hood, lolanda zina mwa ndalama za madera olemera kuti zithandize osauka. Mpata unachepa, sindikana. Koma zomwe maso anga anaona tsiku lija sizinali zofanana.

Alamu, pondimvera chisoni, anati ndingolemba adiresi yawo, mwana aziphunzira ndi abale ake. Ndani angadziwe? Fomu ndinatenga, cholembera ndinagwira. Usiku umenewo tulo sitinabwere. M'mawa mwake mnzanga wa kuntchito anandiuza za mayi Kelley Williams-Bolar a ku Akron, ku Ohio, amene mu 2011 anakagona m'ndende masiku asanu ndi anayi chifukwa cholembetsa ana awo pa adiresi ya bambo awo owabereka. Nanga ngati anamanga nzika, kuli bwanji ine mlendo wokhalira pepala? Fomu ija ndinang'amba, ngakhale mtima unkati mlandu wake ndi wotani pamenepa, kufunira mwana zabwino?

Ndinachita zomwe anzanga ambiri amachita. Lendi itatha ndinasamukira kudera la alamu, m'kanyumba ka chipinda chimodzi kodula kuposa ya zipinda ziwiri yomwe ndinasiya. Mwana amagona kuchipinda, ine pabalaza. Loweruka ndi Lamulungu ndinayamba ganyu yosamalira okalamba. Ana a aneba anga akale, omwe ankasewera ndi wanga, anatsala konkuja, ndipo ndikakumana ndi amayi awo kusitolo ndimasowa poyang'ana.

Ndalama yomwe ndimatumiza kumudzi nayo inachepa. Mayi anga atafunsa pafoni ndinangoti ikupita ku fizi ya mdzukulu wanu. Anakhala kaye chete, kenaka anati, "Iwe, si paja unati sukulu kumeneko ndi yaulere?"