Mabuku a M'chilimwe ku Kasungu

M'chilimwe, nyengo yotentha yoyambira mu Seputembala kufikira mvula yoyamba, malonda a fodya pa msika wa Chinkhoma amakhala atatha kapena akutha, ndipo mlimi akathirira nazale m'mamawa amakhala ndi mpata masana, ngakhale ambiri mpatawo umawathera pa WhatsApp. Komatu m'boma lomweli, ku Wimbe, William Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala, anabwereka buku la Using Energy kulaibulale yaing'ono, napanga makina otulutsa magetsi ndi mphepo. Mbiri yakeyo, The Boy Who Harnessed the Wind, inasindikizidwa mu 2009. Wokonda Chichewa afunefune Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, kapena Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ndipo akamaliza abwereke mnzake.