Mtengo wa Tikiti ya Amayi

Liwu lakuti mtengo limagwira ntchito ziwiri m'Chichewa. Pali mtengo womera kuthengo, ndipo pali mtengo wotchula wogulitsa. Wachiwiriwu uli pachibale ndi mutengo wa m'Chishona komanso intengo ya m'Chizulu, zinenero zimene kutenga kapena ukuthenga ndiye kugula. Pofotokoza kukula kwa mtengowo, Mchewa wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angonia onse amamvana: chinthu chimadula kapena chimatchipa. Koma mawu onsewa amathera pomwe ndalama yachoka m'manja. Chimene munthu amatsala nacho atalipira chilibe dzina limodzi. Phindu ndi la wamalonda, ubwino ndi liwu lotambalala kwambiri. Anthu amangozungulira, nkumati ndalama yake ikuoneka, kapena kuti apa simunataye ndalama. Chinthu chopanda dzina chimavuta kuchiteteza pamkangano, makamaka ngati mnzako wabwera ndi nambala.

Mkangano wotere unabuka pakati pa ana atatu a mayi wina wa ku Mchinji. Wamkulu ndi mwamuna, anakwatira ku Chipata ndipo amachita malonda komweko. Wachiwiri ndi mkazi, namwino ku Manchester. Chitsirizira ali ku Johannesburg. Namwinoyo anali woyembekezera mwana wake woyamba, ndipo anafuna kuti amayi ake adzakhale naye m'chikuta monga mwambo ulili. Viza inatuluka. Chinatsala n'kusankha ndege, ndipo popeza ndalama anasonkherana onse atatu, aliyense anali ndi mawu.

Woyendayo anali mayi wa zaka zopitirira 65, wodwala mawondo, amene sanakwerepo ndege, wodziwa kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo koma wosalankhula Chingerezi kupitirira moni.

Kuchokera ku Lilongwe, Lusaka kapena Tete kulibe ndege yopita ku Britain mosasintha panjira. British Airways inasiya kutera ku Lusaka mu 2013, chaka chomwe Air Malawi inathetsedwa. Malawi Airlines imene inalowa m'malo mwake, yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 ndipo Ethiopian Airlines 49, imauluka m'chigawo chino chokha. Zambia Airways yakale inagwa mu 1994, ndipo yatsopano, imene inayamba mu 2021, nayonso ndi ya mgwirizano ndi Ethiopian. Choncho aliyense wofuna kuoloka nyanja amayamba wapita pakhomo pa eni ake: Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg, Dubai, Doha, Kigali kapena Istanbul. Kusankha kampani ndi kusankhanso bwalo limene munthu adzasocherepo kapena sadzasochera.

Wamkulu uja ndiye anayamba, ndipo anayamba ndi nambala. Anaona pa intaneti kuti tikiti yonyamukira ku Lusaka inali yotsikirapo kusiyana ndi yonyamukira ku Lilongwe, kusiyana kwake kokwanira kugula matumba angapo a feteleza. Sanali kunama, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ku Lusaka Emirates inayamba kutera mu 2012, Turkish Airlines mu 2018, Qatar Airways mu 2021, kuwonjezera pa Ethiopian, Kenya Airways ndi RwandAir. Pamene ogulitsa achuluka mtengo umagwada. Ku Lilongwe ogulitsa ndi owerengeka, ndipo pamwamba pake pali vuto la ndalama zakunja. Kampani ya ndege ikagulitsa tikiti m'makwacha imafuna kusintha ndalamazo kuti ipite nazo kwawo, ndipo ikamadikira miyezi, kwacha nkugwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imadziteteza pokweza mitengo kapena kubisa mipando yotchipa. Wa ku Mozambique ndi wa ku Zimbabwe nkhani imeneyi sachita kuuzidwa.

"Mlongo wanga," analemba motero wamkuluyo pa WhatsApp, "amayi angobwera kuno, ndikawakweza ndekha ku Lusaka. Pabwalo paja aliyense amakamba Chinyanja, sadzavutika. Komanso ndege za Aluya ndiye ndege."

Pa mfundo yomalizayi anali ndi umboni. Qatar Airways yakhala ikusankhidwa kangapo ndi bungwe la Skytrax kuti ndi kampani yopambana padziko lonse, ndipo Emirates imadziwika ndi chakudya, mipando ndi makanema osawerengeka. Mnyamata woyenda yekha, wodziwa kuwerenga zikwangwani, wonyamula chikwama chimodzi, atapeza tikiti ya Doha kapena Dubai pamtengo wofanana ndi wa kwina, asachedwe n'kufunsa. Ndalama yake idzaoneka. Koma zabwino zimene makampani amapikisana nazo zimapangidwira munthu wina wake, ndipo munthuyo si mayi wa ku Mchinji. Makanema zikwi m'zinenero zimene sakuzimva ali ngati nkhokwe ya mnansi. Bwalo lalikulu lowala ngati mzinda, limene ena amalijambula pa foni, kwa iye ndi mtunda woyenda ndi mawondo otupa pakati pa anthu amene sangawafunse njira.

Namwino uja anayankha ndi mapu. Kuchokera ku Mchinji kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 100. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka, pamsewu wa Great East, ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu m'basi, kudutsa mapiri a ku Luangwa. Pamenepo muwonjezepo malo ogona, chakudya, ndi ulendo wa woperekeza kupita ndi kubwerera, kenaka zonsezo zichitikenso tsiku lobwerako. Atawerengera, matumba a feteleza aja anatsala limodzi. "Achimwene," anatero, "amayi adzafika ku Dubai atatha kale. Ndege isananyamuke n'komwe adzakhala atayenda ulendo wina."

Chitsirizira anali ndi nzeru yake, ndipo poyamba inaoneka yokoma kuposa zonse. Amayi akwere ndege ya ku Johannesburg, ulendo wa maola awiri ndi theka, iye akawachingamire, agone kwake masiku awiri aone zidzukulu, kenaka awaperekeze ku British Airways kapena Virgin Atlantic, zimene zimauluka usiku maola pafupifupi 11 mpaka ku London. Mmalawi safuna viza kuti acheze masiku ochepa ku South Africa. Njirayi inali ndi chinthu chimene tikiti iliyonse inalibe: pakati pa ulendo panali mwana wawo, wolankhula chinenero chawo. Inalinso ndi chitetezo china chimene ambiri sachidziwa. Lamulo la ku Britain limalamula kampani kupereka chipukuta misozi chofika mapaundi 520 ngati ndege ya ulendo wautali yachedwa kwambiri pa zifukwa za kampaniyo. Ponyamuka ku Britain lamuloli limagwira kampani iliyonse, koma popita ku Britain limagwira makampani a ku Britain ndi a mayiko a European Union okha. Wokwera British Airways kuchokera ku Johannesburg ndi wotetezedwa mbali zonse ziwiri, pamene wokwera ya ku Africa kapena ya ku Gulf ndi wotetezedwa pobwerera pokha.

Chinaipitsa nzeruyi ndi chakuti, kuti itchipe, inafunika matikiti awiri ogulidwa padera. Mapanga awiri avumbwitsa. Tikiti imodzi yolumikiza ulendo wonse ndi lonjezo: ndege yoyamba ikachedwa, kampani ili ndi udindo wokuika pa ndege ina, ndipo katundu amalembedwa mpaka kumapeto. Matikiti awiri ndi malonjezo awiri osadziwana. Popita vutoli linali laling'ono chifukwa cha masiku awiri ogona aja, koma pobwerera, kapena tsiku likasinthidwa, panafunika kukambirana ndi makampani awiri ndi kulipira kawiri. London nayenso si Manchester. Mkamwini akanayenera kuyendetsa galimoto maola anayi kupita ndi anayi kubwerera, kusiya mkazi wotsala pang'ono kuchira.

Kenaka panabwera nkhani ya katundu, imene anyamata awiriwo anaiyesa yaing'ono. Mitengo yotsikitsitsa imene imaonekera pamwamba pa mawebusaiti oyerekeza matikiti nthawi zambiri ndi ya munthu wonyamula chikwama cha m'manja chokha, kapena sutikesi imodzi. Ethiopian, pa maulendo ambiri ochokera kuno, imalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse. Kwa wopita kumsonkhano sutikesi yachiwiri ndi mtolo wachabe. Kwa mayi wopita kuchikuta ndiyo ulendowo. Mmenemo ndi mmene mumalowa ufa woyera wokonola yekha, mpunga wa Kilombero, usipa ndi utaka wouma, mabotolo a Nali, zitenje zoberekera, mthiko watsopano. Malamulo a ku Britain amaletsa kulowa ndi nyama ndi mkaka kuchokera kumayiko ngati Malawi, koma nsomba zouma amalola mpaka makilogalamu 20. Mayi wofika kwa mwana wake chimanjamanja chifukwa chakuti ana anapulumutsa ndalama pa tikiti sangayamikire kupulumutsako. Ndipo sutikesi yogulira pabwalo tsiku la ulendo imadula mochititsa manyazi. Pobwerera masutikesi omwewo amadzaza ndi zovala ndi nsapato za mudzi wonse, motero funso la makilogalamu limafunsidwa kawiri.

Panalinso kanthu kena kobisika m'maola odikira. Matikiti otchipa kwambiri kawirikawiri amakhala otchipa chifukwa amakusiya pabwalo nthawi yaitali. Makampani ena amapereka hotelo ngati kudikirako kwapitirira maola 8, koma si pa tikiti iliyonse, ndipo hotelo imatanthauza kutuluka pabwalo, kukwera basi, kudzuka pa nthawi yake m'dziko la wotchi ina. Addis Ababa ndi Nairobi ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri. Komanso Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la mayiko a matenda a yellow fever, ndipo wodikira kumeneko maola opitirira 12 akhoza kufunsidwa chiphaso cha katemera pofika ku Malawi, Zambia kapena South Africa. Kudikira kwakufupi kwambiri nakonso ndi msampha kwa munthu woyenda pang'onopang'ono. Namwinoyo anafuna maola atatu kapena anayi, osachepera, osapitirira.

Amene anathetsa mkanganowo ndi mwini ulendo, ngakhale sanadziwe kuti akuuthetsa. Atafunsidwa tsiku limene akufuna kubwerako, anayankha kuti abwerako mvula ikayandikira, chifukwa munda sungabzalidwe ndi anthu aganyu okha. Anawo anafunsa kuti ndiye pa deti yanji. Iwo anadabwa nalo funsolo, nati mvula ilibe deti. Apa ndi pamene tikiti yotchipitsitsa inagwera, pakuti kutchipa kwake kumagona pa lonjezo lakuti wokwera sadzasintha maganizo. Kusintha tsiku pa tikiti yotere kumafuna chindapusa, kuwonjezapo kusiyana kwa mtengo, ndipo ina siisinthika n'komwe. Tikiti yokwererapo pang'ono, ya mpando womwewo ndi chakudya chomwecho, imagulitsa ufulu wosintha. Ufulu umenewo suoneka pa chithunzi cha mitengo chimene wamkulu uja anatumiza, koma kwa mlimi wodikira mitambo ya Novembala, amenenso akhoza kuitanidwa ndi maliro tsiku lililonse, ndiwo unali katundu weniweni wogulidwa.

Anagula ya Ethiopian, tikiti imodzi kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Manchester, yololeza kusintha tsiku. Siinali yotsikitsitsa pa mndandanda, ndipo palibe mwa atatuwo amene ananena kuti ndiyo ndege yapamwamba kuposa zonse. Wamkulu anavomera monyinyirika, akunenabe kuti iye akadzapita adzadzera ku Doha, ndipo pa ulendo wake adzakhala akulondola. Chimene chinamufewetsa ndi mfundo ya chitsirizira yakuti ndege yonyamuka ku Kamuzu International Airport siisowa munthu wolankhula Chichewa wopitirira ulendo ku Ulaya, ndipo mayi wachikulire wovala chitenje ndi duku sakhala nthawi yaitali pamzere asanapeze womutchula kuti amayi. Namwinoyo anapemphanso mpando wa matayala pa mabwalo onse atatu. Thandizo limeneli n'laulere ngati lapemphedwa nthawi ilipo, ndipo phindu lake lalikulu si mawondo ayi, koma kuti wokankhayo amadziwa njira. Amayi anakana poyamba, nati iwo si wodwala. Anawauza kuti ndi mmene amalemekezera akuluakulu kumeneko. Anawauzanso kuti atenge juzi m'chikwama cha m'manja, chifukwa Addis Ababa ali pamtunda wa mamita opitirira 2,300 ndipo usiku wake umazizira ngati Dedza mu Juni.

Ntchito yomaliza inali kulemba kapepala ka zinenero ziwiri koti amayi akasunge m'pasipoti: mbali ina Chingerezi choti azionetsa antchito a pabwalo, mbali ina Chichewa choti aziwerenga okha. Chingerezicho chinatha m'mphindi zisanu. Chichewacho chinatenga madzulo onse. Kusintha ndege anakulemba kuti mutsika koma simunafike, musatuluke panja, musafunefune katundu wanu. Chikalata chokwerera anachitcha kapepala kolimba kokhala ndi nambala ya mpando. Pa malo okwerera ndege namwinoyo analemba liwu loyenera, chipata, nalemba kuti mukatsika funsani chipata chanu. Wamkulu atawerenga anaimba foni nthawi yomweyo.

"Mlongo, fufutani pamenepo. Munthu wa ku Mchinji mukamuuza kuti afunse Chipata, adzauza Aitiyopiya kuti akupita kwa ine."

Analemba khomo.